Musanakhome mzati wa mlatho m'nyanja: kafufuzidwe ka zinthu zamakedzana zimene zagona pansi pa madzi

Mu 2002, ku Newport m'dziko la Wales, anthu amene ankamanga nyumba ya zisudzo m'mbali mwa mtsinje wa Usk anatulukira sitima yamatabwa ya zaka za m'ma 1400. Chomvetsa chisoni n'chakuti anaitulukira mizati ya konkire itaiboola kale. Palibe anachita dala, kungoti palibe ankadziwa kuti m'matopemo mwagona sitima. Izitu zinachitikira pagombe, pamene munthu atha kuima n'kuona ndi maso. Nanga kuli bwanji pakati pa nyanja, pamene woyendetsa makina sadzaona n'komwe chimene waphwanya?

Malangizo awa ndalembera mainjiniya, oyang'anira ntchito yomanga, akuluakulu opereka zilolezo ndiponso ophunzira za zinthu zakale. Kafukufukuyu amakhala ndi phindu akachitika mzere wa mlatho ukadali wa pensulo papepala, pamene kuusuntha pang'ono sikupweteka munthu. Akachitika makina atafika kale padoko, ofufuza amangosanduka anthu okalembera zowonongeka.

Gawo loyamba: lamulo ndi chilolezo

Yambani mwadziwa amene ali ndi ulamuliro pa zinthu zakale za m'madzi m'dziko limene mlatho ukumangidwa, ndipo mukakumane nawo musanabwereke bwato. Pangano la UNESCO la 2001, limene linayamba kugwira ntchito mu 2009, limateteza zotsalira za anthu zimene zakhala m'madzi zaka 100 kapena kuposerapo. Kumapeto kwake kuli malamulo 36 a kagwiridwe ka ntchito. Loyamba limati njira yoyamba kuiganizira ndiyo kusunga chinthu pamalo pomwe chili, ndipo lachiwiri limaletsa kuchita nazo malonda. Si mayiko onse amene analowa m'panganoli, ndipo ena ali ndi malire awoawo: ku South Africa sitima yomira imatetezedwa ikangopitirira zaka 60. Sitima ndi ndege zankhondo kawirikawiri zimakhalabe za dziko limene linali mwini wake, ndipo zambiri ndi manda a asilikali. Zonsezi muzidziwe musanalembe ndondomeko ya ntchito, chifukwa ndondomekoyo ndi imene mudzapemphere chilolezo.

Gawo lachiwiri: jambulani malo onse amene adzakhudzidwe

Apa m'pamene ambiri amalakwa. Amatenga mapu, n'kuzunguliza malo a mizati yokha, n'kunena kuti kafukufuku athere pomwepo. Koma mzati ndi kachigawo kochepa chabe ka chipwirikiti chonse.

Khalani pansi ndi mainjiniya ndipo muwafunse mmene ntchito idzayendere tsiku ndi tsiku. Mapantoni onyamula makireni adzaponya kuti anangula awo, ndipo maunyolo adzakhukhuluza mtunda wotani pansi? Zombo zokhala ndi miyendo yozika m'matope zidzaponda pati? Kodi padzakumbidwa ngalande yoti zombo zazikulu zifikire pamalo osaya? Matope okumbidwawo adzatayidwa kuti, nanga mchenga ndi miyala yokwirira zidzatengedwa kuti? Pali mapaipi kapena mawaya oyenera kusunthidwa? Padzamangidwa doko longoyembekezera? Malo onsewa alowe pamapu.

Wonjezaninso zimene zidzachitike mlatho utatha. Mzati ukaima m'madzi oyenda, madziwo amazungulira m'tsinde mwake n'kukokolola mchenga. Sitima imene yakhala yokwiririka zaka mazana ingavundukuke chifukwa cha mzati umene sunaikhudze n'komwe. Ikavundukuka, mpweya wa m'madzi umayamba kuiwoletsa, ndipo kachilombo kotchedwa Teredo navalis kamaboola matabwa ake ngati chiswe mpaka kutha m'zaka zowerengeka. Choncho pemphani akatswiri a kayendedwe ka madzi akuonetseni kumene mchenga udzachoke ndi kumene udzaunjikane.

Gawo lachitatu: werengani, funsani, yendani pagombe

Musanakwere bwato, sonkhanitsani zonse zodziwika kale: mapu akale ndi atsopano a oyendetsa sitima, m'ndandanda wa sitima zomira, mabuku a m'madoko, nyuzipepala zakale, zithunzi zojambulidwa pandege ndi mapu a asilikali osonyeza pamene panatcheredwa mabomba. Musakhulupirire kwambiri malo olembedwa m'mabuku akale. Mlembi akati sitima inamira "pafupi ndi chilumba", kungakhale makilomita angapo kuchokera pamene mukuganiza.

Kenako pitani kwa asodzi. Paja safunsa anadya phula. Msodzi wokoka khoka amadziwa malo alionse pamene ukonde wake unakodwapo, chifukwa anataya ndalama pamenepo, ndipo ambiri amasunga malowo mu GPS kuti asabwerezenso. Afunseninso zimene maukonde awo anavuulapo. Mu 1931, chombo cha asodzi chotchedwa Colinda chinavuula mu North Sea, nyanja ya kum'mawa kwa England, chibuma cha dothi lakuda, m'kati mwake muli msonga wa mkondo wosemedwa kuchokera ku nyanga. Umenewo unali umboni woti pamene panali nyanjapo kale anthu ankasakapo nyama.

Nkhani imeneyi ikutifikitsa pa chinthu chimene omanga ambiri sachiganizira. Sitikufuna sitima zomira zokha ayi. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, madzi ambiri atauma kukhala ayezi, nyanja inali yotsika ndi mamita pafupifupi 120 poyerekeza ndi lero. Malo ambiri osaya amene lero timamangapo milatho anali mtunda wouma wokhala ndi mitsinje, madambo ndi misasa ya anthu. Komanso taganizani: injiniya amasankha pamene nyanja yapanikizika ndiponso pamene pali posaya. Anthu akale ankawolokeranso pomwepo, pa zifukwa zomwezo. Ndiye musadabwe kupeza madoko akale, anangula ndi mabwato omira mumzere weniweni wa mlatho.

Tsirizani gawoli poyenda wapansi m'gombe nyanja itaphwa kwambiri. Kamtunda ka pakati pa gombe ndi madzi akuya kamaiwalika kawirikawiri, chifukwa ofufuza apamtunda amati n'ka apamadzi, pomwe bwato lokoka zipangizo silingafikepo. Koma m'pamene pamapezeka zikhomo za mipanda yotchera nsomba, nthiti za mabwato osiyidwa ndi maziko a madoko.

Gawo lachinayi: kuunika pansi ndi makina

M'madzi maso saona patali, koma mawu amayenda bwino, pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi. N'chifukwa chake zipangizo zambiri zimatumiza kaphokoso pansi n'kumvetsera mmene kabwererere. Pali zipangizo zinayi, ndipo palibe chimene chingalowe m'malo mwa chinzake.

Multibeam imamangidwa kunsi kwa bwato ndipo imayeza kuya kwa malo ambirimbiri nthawi imodzi. Imatulutsa mapu osonyeza zitunda, maenje ndi milu. Mulu wautali wooneka ngati dzira pakati pa mchenga wosalala ungakhale miyala imene ankaika pansi m'sitima kuti isagudubuzike, ndipo kunsi kwa miyalayo matabwa amakhala atasungika.

Side-scan sonar imakokedwa kumbuyo kwa bwato, pafupi ndi pansi, ndipo imajambula mbali zonse ziwiri ngati munthu wowunika ndi tochi cham'mbali usiku. Chinthu chotumphuka chimawala n'kusiya mthunzi kumbuyo kwake, ndipo kutalika kwa mthunziwo kumakuuzani msinkhu wa chinthucho. Kunsi kwenikweni kwa chipangizochi kumakhala kampata kamene sichiona bwino, choncho mizere yoyendamo bwato iyandikane mokwanira kuti mzere wina uphimbe kampata ka unzake. Malo okayikitsa muwadutsenso mopingasa, pakuti thabwa limene lagona mopingasa njira ya bwato likhoza kubisala, koma n'kuoneka bwino mukadutsa m'mbali mwake motsata utali wake.

Magnetometer simva mawu, imanunkhiza chitsulo. Imayeza mphamvu ya maginito ya dziko ndipo imadumpha ikadutsa pa nangula, mzinga, injini kapena bomba, ngakhale zitakwiririka. Vuto lake n'lakuti mphamvu ya chitsulo imazilala msanga kwambiri: mtunda ukawirikiza kawiri, chizindikiro chimachepa pafupifupi kasanu n'katatu. Tanthauzo lake n'lakuti chipangizochi chiyende pafupi ndi pansi, mizere ikhale yothithikana, ndipo chingwe chikhale chachitali kuti chitsulo cha bwato lanu lomwe chisasokoneze. Ndaonapo malipoti onena kuti "palibe chitsulo chapezeka", koma ukayang'ana kutalikirana kwa mizere umaona kuti mzinga wathunthu ukanatha kugona pakati osamveka. Lipoti lotero muzilibweza.

Sub-bottom profiler imatumiza mawu okhuthala olowa m'matope, n'kuonetsa mmene dothi layalirana kunsi. Ndiyo imaonetsa zigwa za mitsinje yakale ndi magombe amene anakwiririka. Imaona kamzere kopyapyala kunsi kwa bwato basi, ndipo mpweya wochokera ku zomera zowola m'matope umaichititsa khungu. Pamene yalephera kuona, lembani pamapu kuti "sipanaoneke", osati "palibe kanthu". Mawu awiriwa ndi osiyana kutalitali.

Bwato liziyenda pang'onopang'ono, ngati liwiro la munthu woyenda ndawala, ndipo nyanja ikawinduka imani, chifukwa zithunzi za tsiku la mafunde n'zongotaya nthawi. Onetsetsani kuti mukudziwa pamene chipangizo chokokedwa chili, osati pamene bwato lili. Mukalakwitsa apa, obira pansi pa madzi adzafufuza malo olakwika tsiku lonse.

Kawirikawiri mainjiniya amachita kale kafukufuku wofanana ndi uyu pofuna kudziwa za maziko. Kugwirizana nawo kumapulumutsa ndalama zambiri, koma katswiri wa zinthu zakale akhalepo pokonza mizere ndi posankha zipangizo, ndipo apatsidwe zonse zimene makina anajambula zisanasefedwe. Injiniya amafuna thanthwe, ndipo tizinthu timene iye amatisefa ngati zinyalala n'timene wofufuza zakale akufuna.

Gawo lachisanu: dothi la m'mapaipi

Msasa wa anthu a zaka 8,000 zapitazo sumveka pa magnetometer ndipo suoneka pa sonar. Ndi makala, mafupa, timiyala tosema ndi timitengo. Njira yowupezera ndiyo kuzika mapaipi pansi n'kutulutsa dothi lili chiyalire. Mainjiniya amaboola kale pamalo a mzati uliwonse, choncho gwirizanani kuti wofufuza zakale aone dothilo lisanapite kokaphwanyidwa poyesa kulimba kwake, ndipo mapaipi ena aboolere iye yekha pamalo amene sub-bottom profiler yasonyeza gombe kapena mtsinje wakale.

Chimene mukusaka kwambiri ndi dothi lakuda la zomera zowola, chifukwa limapangika pamtunda kapena m'dambo, osati pansi pa nyanja. Mapaipi oterowo atsekedwe, asungidwe pozizira ndi pamdima. Kuyeza zaka za zotsalira za zamoyo kotchedwa radiocarbon, kumene kumafika zaka pafupifupi 50,000, kudzakuuzani nthawi imene malowo anali mtunda, ndipo mungu wa maluwa wotsalira m'dothimo udzakuuzani mitengo imene inkamera. Ku Bouldnor Cliff, pafupi ndi chilumba cha Isle of Wight ku England, pa kuya kwa mamita 11, anapeza malo a anthu a zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, matabwa osemedwa ali bwinobwino. Ku Syltholm m'dziko la Denmark, pofukula malo amene kale anali pansi pa nyanja pokonzekera njira yowolokera Fehmarnbelt, kanyanja ka pakati pa Denmark ndi Germany, anapeza kachidutswa ka utomoni wa mtengo kamene munthu anatafuna zaka 5,700 zapitazo, ndipo asayansi anawerengamo DNA ya mtsikana kapena mayi amene anatafunayo. Zinthu zotere pamtunda wouma zikanawola kalekale. Matope opanda mpweya ndiwo amazisunga.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: sanjani zimene mwaona

Mudzabwerako ndi zizindikiro mazanamazana, ndipo zambiri ndi matayala, migolo, mawaya ndi miyala wamba. Ikani zonse pamapu amodzi pakompyuta, pamodzi ndi malo a asodzi ndi za m'mabuku zija. Pamene mulu wa pa multibeam, kudumpha kwa magnetometer ndi malo okodwa ukonde zakumana, pamenepo m'poyambira. Gawani m'magulu atatu: zodziwikiratu kuti n'zakale, zokayikitsa, ndi zinyalala za masiku ano. Zokayikitsa muzizitenga ngati zakale mpaka wina atakaziona.

Chenjezo lalikulu: chitsulo chilichonse chokwiririka chingakhale bomba. M'madzi a dziko la Germany okha, mu North Sea ndi mu Baltic, muli matani pafupifupi 1.6 miliyoni a zida zankhondo zotayidwa. Kumene kunamenyedwako nkhondo, akatswiri a mabomba ndiwo ayambe kuona chizindikirocho, wofufuza zakale pambuyo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kukaona ndi maso

Tsitsani kaye ROV, kamakina kokhala ndi kamera koyendetsedwa ndi chingwe kuchokera m'bwato. Katha kuchotsa zizindikiro zambiri pa m'ndandanda popanda kuika moyo wa munthu pachiswe. Zotsalazo ndiye mutumizeko obira.

Obirawo akhale odziwa zinthu zakale, kapena akhale ndi kamera ndi lamya yolankhulirana ndi katswiri amene ali m'bwato. Munthu wozolowera kuwotcherera zitsulo pansi pa madzi angaponde phale la mbiya ya zaka 600 osadziwa. Nthawi yawo ndi yochepa: pa kuya kwa mamita 30, wopuma mpweya wamba ali ndi mphindi pafupifupi 20 zokha ngati akufuna kukwera popanda kuima nthawi yaitali m'njira. Pamene nyanja yapanikizika madzi amathamanga, ndipo mpata wobira umapezeka pokhapokha pamene madzi aima, pakati pa kudzaza ndi kuphwa. Konzani masiku ochuluka kuposa amene mukuganiza, ndipo mudziwiretu kumene kuli chipinda chothandizira obira amene avulala ndi mpweya. Woyang'anira obira akati lero ayi, ndiye kuti ayi, kaya ndalama zikutha bwanji.

Ntchito ya pansipo ndi kuona, kuyeza ndi kujambula, osati kutola. Jambulani zithunzi zambiri zolowana, chilichonse chikuphimba mbali yaikulu ya chinzake, ndodo yoyezera ili pomwepo, kuti kompyuta idzazilumikize n'kupanga chifanizo cha malo onse. Pofuna kudziwa kukula kwa zokwiririka, kumbani timaenje tochepa ndi paipi yoyamwa mchenga, ndipo mukatha kwirirani. Ngati chilolezo chikulola, dulani kachidutswa ka thabwa kokhala ndi mizere yambiri ya zaka za mtengo. Mizereyi ingaulule chaka chimene mtengo unadulidwa ndi dera limene unamera. Ndi mmene zinadziwikira kuti matabwa a sitima ya ku Newport ija anachokera kudera la Basque, kumpoto kwa Spain.

Mukapeza mafupa a anthu, ntchito iime, ndipo apolisi ndi akuluakulu opereka chilolezo adziwitsidwe. Sitima zambiri zomira ndi manda. São José, sitima ya Apwitikizi imene inasweka pafupi ndi Cape Town mu 1794 itanyamula anthu oposa 500 ogwidwa ukapolo ku Mozambique, inapha anthu oposa 200. Malo otere sayenera kuonedwa ngati chopinga pa ndandanda ya ntchito.

Gawo lachisanu ndi chitatu: chigamulo

Njira zilipo zitatu, ndipo zikutsatana motere.

Yoyamba ndi kulambalala. Sunthani mzati, tanimphitsani mpata pakati pa mizati, kapena sinthani pooponya anangula. Zungulizani malowo ndi malire oletsedwa, poyambira m'mphepete mwa zotsalira zonse osati pakati pake, ndipo malirewo alowe m'makompyuta a zombo zonse za kontrakitala. Zimatheka ndithu. Mu 2005, pokonzekera doko la London Gateway mumtsinje wa Thames ku England, ofufuza anapezanso sitima yankhondo yotchedwa London, imene inaphulika mu 1665 n'kupha anthu pafupifupi 300, ndipo njira ya sitima inasinthidwa kuti iilambalale. Ku Fehmarnbelt, sitima ziwiri zimene zinamira pankhondo ya mu 1644, Lindormen ya ku Denmark ndi Swarte Arent ya ku Netherlands, zinafufuzidwa mu 2012, zaka zambiri ntchito yomanga isanayambe. Mpata wotero ndi umene umalola anthu kuganiza mofatsa.

Yachiwiri ndi kukwirira: nsalu yolimba yolola madzi kudutsa, mchenga wokwanira kutsekereza mpweya, kenako miyala kapena matumba a mchenga pamwamba kuti madzi asakokolole. Injiniya awerengere kulemera kwake kuti zisaphwanye chimene mukuteteza.

Yachitatu, ngati zonse zakanika, ndi kufukula. Musaivomere musanadziwe amene adzalipire kusamala zofukulidwazo ndi nyumba imene idzazisunge, chifukwa kuvuula ndi chiyambi chabe. Thabwa lokhuta madzi likauma lokha limafota, kupindika ndi kung'aluka. Sitima ya Vasa ya ku Sweden, imene inamira mu 1628 n'kuvuulidwa mu 1961, inapoperedwa mankhwala a PEG, amene amalowa m'malo mwa madzi m'thabwa kuti lisafote, kwa zaka 17. Mary Rose ya ku England inavuulidwa mu 1982, ndipo kupopera kunatha mu 2013. Kufukula kumadyanso nthawi ya omanga: ku Yenikapı mumzinda wa Istanbul, ntchito ya njanji ya Marmaray inagwera padoko lakale mu 2004, munatuluka sitima 37, ndipo ntchito inachedwa zaka pafupifupi zinayi.

Gawo lomaliza: makina akayamba kukumba

Ngakhale mutafufuza bwanji, china chidzakuphonyani. Choncho mu kontrakiti mulembedwe ndondomeko ya zopezeka mwadzidzidzi, ndipo aliyense wogwira ntchito pachombo aphunzitsidwe ndi zithunzi kapena zinthu zenizeni zoti azigwire: thabwa lakuda lokhala ndi zikhomo zamtengo, chibuma cha dzimbiri chomatana ndi mchenga ndi zigoba, mapale, miyala yobulungira yosiyana ndi ya pamalopo. Ku Oranjemund m'dziko la Namibia, mu 2008, ogwira ntchito pamgodi wa dayamondi ndiwo anazindikira zibuma zamkuwa zachilendo, ntchito inaima, ndipo panapezeka sitima ya Apwitikizi yotchedwa Bom Jesus ya mu 1533, yodzaza mkuwa, ndalama zagolide ndi minyanga ya njovu yoposa 100. Wantchito azidziwa kuti akanena sadzadzudzulidwa chifukwa choimitsa makina. Akamaopa, adzaponyanso chinthucho m'madzi mwakachetechete.

Ndondomekoyo ikhale yaifupi, yokwana patsamba limodzi lomatidwa m'chipinda cha woyendetsa chombo. Imitsani ntchito pamalopo. Lembani malo, nthawi ndi kuya. Jambulani chithunzi, chinthu chodziwika kukula chili pambali. Ikani chopezekacho m'madzi omwewo a m'nyanja, mu chidebe chovindikira, pamthunzi. Musachitsuke, musachiumitse, ndipo chibuma cha dzimbiri musachiswe ndi hamala, chifukwa nthawi zina chitsulo cha m'kati chinatha kale ndipo chatsala ndi mphako yosunga maonekedwe ake, imene imaoneka pa X-ray yokha. Chikaoneka ngati bomba, musachikhudze n'komwe. Kenako imbirani munthu amene dzina lake lalembedwa patsambalo. Pamene akukumba malo amene munawaika m'gulu lokayikitsa, wofufuza zakale akhale pachombo pomwepo akuyang'ana zotuluka m'matope.

Lipoti, mapu, zithunzi ndi zonse zimene makina anajambula ziperekedwe ku bungwe losunga zinthu zakale la dzikolo, kuphatikizapo malo amene munafufuza osapeza kanthu. Mlatho ukatha, bwererani ndi multibeam pamalo onse amene munalambalala kapena kukwirira, koyamba pakatha nyengo yoyamba ya mikuntho, kenako mobwereza kwa zaka zingapo, n'kuyerekeza mapu atsopano ndi akale. Mukaona dzenje la m'tsinde mwa mzati likukulira cha kumene kuli zotsalira, thiraniko mchenga ndi miyala matabwa asanaonekere.